Mutu 7: Nyimbo ya Agogo Yoramu Ikanika Kuwoloka

1. Lonjezo la theka la mphindi

Tisungane adali mtsikana wa Folomu 3 amene pakamwa pake sipankatuluka mawu oti "sindikudziwa." Masamu ankakhoza, zimenezo palibe angatsutse, koma vuto lake ankayamba kuyankha funso lisanathe.

Kwawo kudali kufupi ndi Biriwiri, kumene msewu waukulu ndiwo malire: uku Malawi, uko Mozambiki. Loweruka la sabata imeneyo banja lawo linkatsegula chiliza cha agogo ake aamuna, a Yoramu, amene adamwalira chaka chapitacho.

Maliro a mkuluyo adasiya manyazi m'banja. Panali nyimbo ina ya chingoni, yoperekeza mwamuna kumanda, imene a Yoramu ankayimbira anzawo onse. Koma tsiku lawo litafika, woyambitsa nyimboyo adasowa. Mng'ono wawo, a Fabiano, adathera unyamata wawo kumigodi ya ku Joni, ndipo ankangodziwa kuvomera ndi kuponda. Mlongo wawo, a Zelesi, atayesa kuiyamba, a Fabiano adawakalipira pagulu kuti mkazi sayambitsa nyimbo ya amuna. Mayiwo adangomanga chitenje n'kuwoloka msewu kubwerera kwa amuna awo, ndipo kuchokera tsikulo sadapondenso pakhomopo. A Yoramu adaikidwa duu, ngati mlendo.

Tsono pa chiliza padayenera kumveka nyimboyo, zivute zitani. Woiyamba adasankhidwa kukhala a Fyson, mwana wa malemuyo, bambo aang'ono a Tisungane, amene ankagwira ntchito ku Joni. Iwowa adakumbukira kuti kalekale adajambula bambo awo akuyimba pa maliro ena, ndipo vidiyoyo idali mu kompyuta yakale ya kumudziko, imene idafa ndi mvula yodontha padenga. Adapempha pa foni kuti Tisungane awatumizire asanakwere basi Lachitatu masana, kuti aziiphunzira m'njira yonse.

A Fabiano adafunsa ngati zimenezi n'zotheka, ndiponso kuti zingatenge nthawi yaitali bwanji. Tisungane adali atatulutsa kale disiki, kabokosi kachitsulo kosungamo zinthu mu kompyuta, ndipo adaona kuti padalembedwa 100.

"Theka la mphindi, agogo," adatero. "Musanamalize n'komwe kufwenkha fodya, ikhala itafika ku Joni."

Mkuluyo adamuyang'ana, kenaka adangoti chabwino.

2. Chenjezo la Mayi Esnath

Lachitatu m'mawa Tisungane adakwera minibasi kupita pa Boma, kwa Mayi Esnath, mphunzitsi wake wa za kompyuta. Adawapeza ali chiimire, akumanga duku, chifukwa ankathamangira kukayang'anira mayeso. Adamubwereka laputopu ndi chingwe cholumikizira disiki zachikale. Atalumikiza, kabokosi kaja kadalira pang'ono, kenaka pagalasi padaoneka zidutswa zinayi za vidiyo. Kamera zakale zinkadula zokha chinthu chikatalika.

Mayi Esnath adaika dzanja pa disikiyo, n'kutchera khutu.

"Mwanawe, undimvetsetse, nthawi ndilibe," adatero. "Chinthu ichi chakalamba. Chagona zaka zambiri osazungulira, ndipo lero chadzuka mwamwayi. Ukafika, usanachite china chilichonse, ukopere zonse mu laputopu. Ndi mphindi zochepa chabe. Ukatero ndiye uzitumiza, disikiyi itapuma. Chachiwiri, manambala awa asakunyenge. Pa disiki alemba 100, ndiye kuti ili yatsopano inkatulutsa mamegabaiti 100 pa sekondi. Pa chingwe alemba 480, koma amenewo ndi mamegabiti, muyeso waung'ono. Mabiti asanu ndi atatu ndiwo amapanga baiti imodzi. Uganize za kachewere pamsika: wina akuyeza ndi ndowa, wina ndi mbale, ndipo mbale zisanu ndi zitatu ndizo zidzaza ndowa. Opanga madisiki amawerenga ndowa, a zingwe ndi a netiweki amawerenga mbale. Ukaona nambala ya netiweki, yamba wagawa ndi 8. Chachitatu, lole ngakhale ithamange bwanji, ikafika pamtsinje wa mlatho wa mtengo umodzi, matumba amawoloka limodzilimodzi pamutu. Usayang'ane lole, uyang'ane mlatho. Wamva?"

Tisungane adavomera kuti wamva. Kunena zoona, m'mutu mwake mudangotsala 100, 480, ndowa, lole ndi kachewere, zonse zitasakanikirana. Adafuna kufunsa kuti abwereze, koma adaona kuti kutero n'kudzichotsa ulemu. Adathokoza n'kuthamangira kudepoti.

Mu minibasi adayesa kuwerengera yekha. Zidutswa zinayi zija zidali mamegabaiti 3,600. Atagawa ndi 100 adapeza masekondi 36. Atagawa ndi 480 adapeza osakwana n'khumi omwe. Adasekerera yekha. Ngati chingwe chikuthamanga kuposa disiki, ndiye kuti lonjezo lake lija adachita kulitalikitsa!

3. Pachitunda cha netiweki

M'mudzimo netiweki inkagwira bwino malo amodzi okha, pachitunda cha kuseri kwa tchalitchi, pamene pankaoneka msewu ndi nyumba za tsidya lina. Tisungane adapeza a Fabiano atafika kale, atakhala pampando wawo wopinda, pamodzi ndi anthu angapo a m'banjamo amene adasiya makasu kuti adzaone zodabwitsazo.

Asanatsegule laputopu, a Fabiano adakweza ndodo.

"Mdzukulu wanga, ndiyankhule kaye. Nyimbo ili m'chitsulomo si ya pa wailesi. Siyimbidwa pamudzi popanda mtembo kapena manda. Bambo athu ankati ukaiyimba tsiku wamba, ndiye kuti waitana, ndipo woitanidwayo amabweradi. Ife ndife Akhristu, inde, ndipo ine ndidabatizidwa iwe usanaganiziridwe, koma sindinaonepo Mkhristu akuseweretsa bokosi la maliro pabwalo poti iye ndi wopemphera. N'chifukwa chake ana athu sakuidziwa: siiphunziridwa pansi pa mtengo, imaphunziridwa pamaliro pomwepo. Fyson akaimvere kutali, m'makutu mwake yekha, poti ndiye adzaiyambe. Koma pano isamveke, ngakhale kamzere kamodzi. Iwenso usaimvere mobisa. Utumize chitsekere."

Anthu onse adang'ung'udza movomereza. Tisungane adati wamva. Apa zinthu zidamuvuta pang'ono, chifukwa adali ataganiza zoyang'ana chidutswa chimene muli nyimboyo n'kutumiza chokhacho. Tsopano adayenera kutumiza zinayi zonse.

Nthawi yomweyo foni idalira. Adali a Fyson. Adati ali kale pamalo okwerera basi, pamene pali netiweki yamphamvu, ndipo basi inyamuka pakatha maola awiri. Ikangonyamuka, foni yawo siingathe kulandira chinthu chachikulu mpaka kumudzi.

Apa ndi pamene Tisungane adayenera kukopera, monga adauzidwa. Mawu a Mayi Esnath a zokopera okhawo adawakumbukira bwinobwino. Koma maso onse adali pa iye, ndipo adali atalonjeza theka la mphindi. Akayamba ndi kukopera, anthu adzafunsa kuti bwanji sizikupita. Adadziuza kuti kugwira ntchito kawiri n'kwa anthu osadziwa masamu. Adalumikiza laputopu ku foni, n'kuyamba kutumiza kuchokera mu disiki yakale momwemo.

Theka la mphindi lidatha. A Fabiano adafwenkha fodya, adayetsemula, adapukuta mphuno, n'kubweza kabotolo m'thumba. Kamzere kosonyeza ulendo pagalasi kadali pomwe kadayambira.

4. Manambala akangana

Mayi a Tisungane, amene adali pakati pa anthuwo, adafunsa ngati zapita. Tisungane adati zikupita. Pansi pa kamzereko padalembedwa kuti patsala maola atatu, kenaka asanu ndi anayi, kenaka tsiku lathunthu, kenaka maola anayi. Iye adati makinawo akunama.

Adayeza liwiro la netiweki pa foni, ndipo idaonetsa 2. Awiri? Disiki ikuti 100, chingwe chikuti 480, foni ikuti 2. Nanga wonena zoona ndani? Adayamba kuphatikiza manambalawo, kenaka adaona kuti n'zopusa. Adayesa kupeza la pakati, sizidathandizenso. Adayimbira Mayi Esnath, koma foni yawo idali yozimitsa, poti adali m'chipinda cha mayeso.

Kenaka adakumbukira za mlatho. Ngati mlatho ndi netiweki, ndiye agawe 3,600 ndi 2. Adapeza masekondi 1,800. Adapumira m'mwamba n'kulengeza kuti zitenga theka la ola.

"Theka la mphindi lasanduka theka la ola?" adafunsa a Fabiano.

Tisungane adati dzulo lija lilime lidangoterereka. Msuweni wake wina adaseka, n'kunena kuti likaterereka kachiwiri lifika pa theka la chaka. Anthu adaseka nawo, koma Tisungane sadaseke.

Adadikira. Dzuwa lidakwera, ena adabwerera kumadimba. Theka la ola litakwana, chidutswa choyamba chidali chitangofika pakati. Zitatu zinazo zidali zisanayambe n'komwe. Tisungane adabwereza masamu ake katatu, ndipo katatu konse yankho lidali lomwelo. Masamu adali olondola, koma zinthu sizinkayenda. Adasokonezeka kwenikweni, mpaka adayamba kukayika ngati sekondi ya ku Joni ndi yofanana ndi ya kuno.

Ndiye, ngati kuti mavutowo sadakwane, foni idachita zimene mafoni a pamalire amachita: idataya netiweki ya kuno n'kugwira ya tsidya la msewu. Padabwera uthenga wa Chipwitikizi womulandira ku Mozambiki, iye ali khale pachitunda cha kwawo. Kutumiza kudaduka. Atabweza foni ku netiweki ya kwawo, kamzere kaja kadayambiranso pachiyambi.

Pamenepo ndi pamene adamva kaphokoso. Tiki. Tiki. Tiki. Kankachokera mu disiki. Ataigwira, idali yotentha ngati mwala wa padzuwa.

5. Masamu a padothi

Mantha adamugwira Tisungane, mantha enieni. Mpaka pamenepo ankaopa kusekedwa. Tsopano adazindikira kuti mawu a agogo ake adali malo amodzi okha padziko lonse, m'kabokosi kotentha kamene kankalira tiki tiki.

Adatola kamtengo n'kugwada. Adajambula ndowa padothi, pambali pake mbale zisanu ndi zitatu. Adaziyang'ana, ndipo zija za m'mawa zidayamba kubwerera m'malo mwake. Awiri a netiweki aja sadali ndowa ziwiri, zidali mbale ziwiri. Mbale ziwiri ndi kota ya ndowa. Ndiye kuti megabaiti imodzi inkatenga masekondi anayi. Adachulukitsa 3,600 ndi 4, n'kupeza masekondi 14,400. Maola anayi. Makina aja sankanama.

Basi idali itatsala ndi ola limodzi ndi pang'ono.

Padali njira ziwiri. Akadatha kungokhala chete, kamzere kaziyenda, basi ikanyamuka n'kunena kuti netiweki ndiyo yalakwa. Palibe akadamutsutsa, poti aliyense m'mudzimo adatukwanapo netiweki. Kapena akadatha kuimitsa zonse anthu akuona, n'kunena chimene chidachitika.

Adadina poimitsa. Adaimirira, n'kupita kukagwada pafupi ndi mpando wa a Fabiano.

"Agogo, ndinakunamizani. Sindimadziwa. Vidiyoyi singafike basi isananyamuke, ikufunika maola anayi. Ndiponso aphunzitsi anandiuza kuti ndiyambe ndakopera chifukwa chitsulochi chakalamba, ine sindinamvere. Pano chayamba kufa."

A Fabiano sadakalipe, ndipo zimenezi zidamuwawa kuposa ndodo. Adangofunsa ngati pali chimene chingapulumuke.

Tisungane adathamangira pa laputopu n'kuyamba kukopera. Chidutswa choyamba chidalowa bwinobwino, mphindi imodzi isanathe. Apa adamva chisoni chachikulu, poona kuti ntchito imene adaikana m'mawa idali yaifupi chonchi. Chachiwiri chidalowa. Chachitatu chidayenda motsimphina, chikuima, chikuyamba, mpaka chidatha. Chachinayi chitangoyamba, disiki idalira kawiri mokweza, kenaka idangoti chete. Adazula chingwe, adabwezera, adaipepesa ndi chitenje kuti izizire. Sidadzukenso.

6. Mawu opanda nkhope

Zidutswa zitatuzo zinkafunabe maola atatu. Koma Tisungane, atasiya kuthamanga, nzeru zidayamba kubwera. Kukwaya ya kutchalitchi ankachotsa mawu m'mavidiyo a maukwati kuti anzake aziphunzirira nyimbo pa foni. Zithunzi ndizo zimalemera, mawu okha ndi opepuka. Ndipo akadatha kuchita zimenezi popanda kumvera chilichonse.

Ulendo uno adayamba wafunsa. Adafotokozera a Fabiano kuti akhoza kutumiza mawu okha, nkhope n'kutsala kuno. Ena adakana, amvekere kulekanitsa munthu wakufa ndi mawu ake n'malaulo. A Fabiano adapukusa mutu.

"Kumgodi tinkatsika m'dzenje mdima uli bii, mnzako osamuona nkhope. Nyimbo zonse za kumeneko ndidaziphunzira ndi makutu. Kuponda ndi kagwiridwe ka chishango ndimuphunzitsa ine Fyson akafika, miyendoyi ikadali ndi nzeru. Chimene ndilibe ndi mawu. Koma iwe, mwana wa mwana wa mkulu wanga, umve. Munthu akati 'sindikudziwa' amataya ulemu wa mphindi imodzi. Akati 'ndikudziwa' asakudziwa, amataya zinthu za eni. Ndikadadziwa dzulo kuti ndi maola anayi, ndikadakudzutsa tambala woyamba. Sindikadakuseka. Tsopano ndiuze zoona zokhazokha: zitenga nthawi yanji?"

Tisungane adachotsa mawuwo, laputopu ataitseka pakamwa kuti nyimbo isamveke. Adakwana mamegabaiti 45. Adagwadanso padothi, adachulukitsa ndi 4, n'kugawa ndi 60. Adabwereza kawiri asanatsegule pakamwa.

"Mphindi zitatu, agogo, ngati netiweki siithawanso. Ikathawa sindikudziwa."

Sidathawe. Kamzere kadayenda anthu akuona, mpaka kumapeto. A Fyson adalemba kuti zafika, ndipo akukweza katundu. A Fabiano adawomba m'manja mofatsa, n'kunena kuti zaithwa, monga amathokozera angoni.

Koma palibe adachoka pachitundapo. Aliyense ankadziwa kuti chidutswa chachinayi chapita, ndipo palibe ankadziwa kuti nyimboyo idali m'chiti. Zitatuzo zidali pomwepo mu laputopu, kudina kamodzi kokha kukadayankha funsolo. Chala cha Tisungane chidayabwa. Adachipinda n'kuchiika pamwendo.

7. Pamene mawu adathera

Padapita nthawi ndithu foni isanalire. Italira, Tisungane adaikweza mawu kuti onse amve. Kumbuyo kunkamveka injini ya basi. Adali a Fyson.

Adati bambo awo awamva. Adawamva akutsokomola, akuseka ndi anzawo, akuuza ana kuti afutukuke. Nyimboyo adaipeza kumapeto kwa chidutswa chachitatu. Idayamba bwino, ndime yoyamba yonse, yachiwiri yonse.

"Koma bambo aang'ono," adatero a Fyson, "pamene akuyamba kutchula mayina a makolo, pomwe amuna amatsitsa zishango pansi, mawu angoduka. Bambo atsegula pakamwa, basi. Palibenso china."

Tisungane adagwetsa misozi. Sadayese kuibisa.

A Fabiano adafunsa kuti dzina lomaliza kumveka lidali liti. A Fyson atalitchula, mkuluyo adawerenga ndi zala mwakachetechete, n'kupeza kuti patsala mayina ambiri, ndi ndime yotsekera imene imauza wakufayo kuti apite. Iwo ankangodziwa povomera pake. Adati nyimbo yothera panjira ndi yoipa kuposa kusayimba, chifukwa ndi kunyamula munthu n'kumutula pakati pa msewu. Foni idayamba kudukaduka, kenaka idazima. Basi idali itatuluka mu mzinda.

Mayi a Tisungane adafunsa chapansipansi ngati palibenso wina wamoyo woidziwa mpaka kumapeto. Yankho aliyense ankalidziwa. Mmodzimmodzi adatembenukira kumsewu. Tsidya lina, kupyola minda ya kabichi, padali nyumba ya malata ofiira, ndipo pakhonde pake mayi wina wokalamba ankasankha nyemba m'lichero.

A Fabiano adayang'ana nyumbayo nthawi yaitali.

"Ine ndikapita, Zelesi andithira madzi otsukira mbale, ndipo sadzakhala atalakwa," adatero. "Iwe sanakukwiyire. Lero waphunzira kugwada n'kunena kuti ndalakwa, ine zaka zonsezi sindinaphunzire. Ukanene zako, kenaka ukanene zanga, n'kumupempha atithandize pa nyimboyi."

Tisungane adafunsa kuti nanga akakana, akatani.

"Sindikudziwa," adayankha mkuluyo.

Mtsikanayo adapereka laputopu kwa mayi ake. Adatola disiki yakufa ija, ikadali yofunda, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Kenaka adatsetsereka chitunda kulunjika kumsewu. Ataima m'mphepete kudikira kuti malole adutse, adaona kuti mayi a tsidya lija asiya kusankha nyemba. Adali ataika lichero pansi, ndipo ankamuyang'ana.